Za Wicca: Dzina la Alendo Lisaphetse Agogo Athu

Abale anga a m'midzi ya m'malire, inu a ku Calomwe, Domwe, Tsangano ndi Zobwe, ndi inunso a tsidya la Dedza, Ntcheu ndi Mwanza amene timagulitsana nanu mbatatesi ndi kabici pa Lizulu, pali bodza latsopano limene lalowa m'midzi mwathu kudzera m'mafoni. Ndikufuna tilizule lisanazike mizu.

Bodzalo likuyenda cotere. Munthu amatulutsa foni n'kuonetsa anzake kanema wa azungu ataima mozungulira usiku, makandulo akuyaka, mayi wina atakweza mpeni m'mwamba. Akatero amati: "Mwaona? Ngakhale kwa azungu afiti aliko, ali ndi chalichi cawo, boma linawapatsa cilolezo. Nanga inu mukukaniranji kuti agogo aja a kutsidya kwa dambo ndi mfiti?" Mawu amenewa ndawamva mu chapa ya ku Ulongwe, ndawamva pa maliro, ndawamvanso kwa mlaliki wina atagwira Baibulo kudzanja lina, foni kudzanja lina.

Cipembedzo ca m'makanema amenewo dzina lake ndi Wicca. Ine sindine wa Wicca. Ndine Mkatolika wobatizidwa ndili khanda, ndipo sindikuitanira munthu aliyense ku cipembedzo cimeneco. Koma ndinakhala zaka 7 ku Joni ndikugwira nchito ya m'gadeni pa nyumba ya mayi wina wa cipembedzoci, ndipo zimene ndinaona ndi kumva kumeneko zimandilimbitsa mtima kunena kuti Wicca ndi ufiti umene timaopa kuno zimangokumana pa liwu limodzi la Cingerezi basi. Amene akuziphatikiza kuti aloze cala nkhalamba akunamizira anthu awiri nthawi imodzi, mlendo wa kutali ndi gogo wa pafupi. Mlendoyo sadzamva n'komwe. Gogoyo ndi amene anyamata adzamutenthere nyumba.

Tiyambe ndi kumene cinacokera. Wicca si cipembedzo ca kalekale monga ena amaganizira. Amene anaciulutsa ndi Mngerezi wina, Gerald Gardner, wobadwa mu 1884, amene anagwira nchito zaka zambiri ku Ceylon ndi ku Malaya. Atapuma nchito anabwerera kwawo, ndipo pambuyo pake ananena kuti mu 1939 kagulu kena ka ku New Forest, kum'mwera kwa England, kanamulowetsa m'cipembedzo cakale cobisika. Mu 1954 anasindikiza buku lake la Witchcraft Today. Mayi wina, Doreen Valiente, amene analowa m'gulu la Gardner mu 1953, ndiye anakonza ndi kulemba mapemphero ambiri amene a Wicca akunena mpaka lero. Akatswiri a mbiri yakale, monga Ronald Hutton wa ku yunivesite ya Bristol, atafufuza anapeza kuti cipembedzoci cinalukidwa m'zaka za m'ma 1900 kucokera m'mabuku, m'miyambo ya magulu acinsinsi a ku Ulaya, ndi m'cikondi ca anthu a m'tauni pa nkhalango ndi minda imene anaisiya. Mishoni yathu ya Lifidzi inayamba kalekale Wicca asanamveke. Ndipo anthu ake si ambiri: pa kalembera wa mu 2021 ku England ndi Wales, mwa anthu pafupifupi 60 miliyoni, amene analemba kuti ndi a Wicca anali pafupifupi 13,000.

Nanga za cilolezo ca boma zija? Apa m'pamene bodza limagwera m'mbuna yake yomwe. Kale ku Ulaya anthu ankapha anzawo powanena ufiti. Pakati pa zaka za m'ma 1400 ndi 1700 anthu masauzande makumi angapo ananyongedwa kapena kutenthedwa, ambiri mwa iwo akazi, ambirinso okalamba ndi osauka. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anali wa Wicca, pakuti Wicca kunalibe. Ambiri anali anthu opita ku chalichi monga oneneza awo. Mu 1735 nyumba ya malamulo ya ku Britain inathetsa milandu yopha munthu cifukwa ca ufiti, n'kuika lamulo lolanga munthu wodzinenera kuti ali ndi mphamvu zotere, pomuona ngati wonyenga anthu. Lamulo limeneli linafafanizidwa mu 1951, ndipo m'pamene Gardner anamasuka kulankhula poyera. Ku America khoti lina la apilo mu 1986 linavomera kuti Wicca ndi cipembedzo, ndipo mu 2007 boma linalola kuti cizindikiro cawo, nyenyezi ya nsonga zisanu, cilembedwe pa manda a asilikali awo. Mabomawa sanavomere kuti kuli anthu ouluka pa licero. Anavomera kuti munthu ali ndi ufulu wopemphera monga akhulupirira. Ndipo mu 2022 nduna yaikulu ya Scotland, Nicola Sturgeon, inapepesa poyera cifukwa ca anthu onse amene dziko lake linawazenga milandu ya ufiti. Wokuonetsani kanema uja mbali iyi ya nkhani sakuuzani.

Tsopano ndinene zimene amacita, popanda kubisa ngakhale zimene zimacititsa mantha.

A Wicca ambiri amapembedza milungu iwiri, wamkazi ndi wamwamuna. Wamkaziyo amamuona m'mwezi, m'nthaka yobala ndi m'madzi. Wamwamunayo amamuona m'dzuwa, m'nkhalango ndi m'nyama za kuchire, ndipo amamujambula ali ndi nyanga za mbawala yamphongo. Mwamva liwu limenelo? Kwathu kuno tikati munthu ali ndi nyanga timanena za mankhwala oipa obisika m'denga. Kwa iwo nyanga ndi zomwezo zimene zili pamutu pa mbawala, cizindikiro ca mphamvu ya nyama ndi kubala. Satana samupembedza, ndipo amati Satana ndi wa m'ciphunzitso ca Akhristu, m'cikhulupiriro cawo mulibe. Amasonkhana m'timagulu tating'ono, mwa mwambo wawo osapitirira anthu 13, ndipo ena ambiri amapemphera okha kunyumba. Amakumana mwezi ukakhala wathunthu ndi pa zikondwerero 8 pa caka zotsata nyengo za dzuwa ndi za ulimi. Amalemba bwalo lozungulira pansi, amawaza madzi a mcere, amafukiza lubani, amayang'ana kum'mawa, kum'mwera, kumadzulo ndi kumpoto. Mpeni uja amauchula athame, ndipo nchito yake n'kulozera polemba bwalo, sadulira nyama kapena munthu. Nsembe ya magazi kulibe. Pomaliza amagawana makeke ndi vinyo kapena cakumwa cina. M'magulu ena otsata Gardner amapemphera ali maliseche, poti munthu aime pamaso pa milungu yake monga anabadwira, pamene ena ambiri amavala mikanjo.

Usiku, mwezi, bwalo, mpeni, nyanga, maliseche. Ndikudziwa bwino cimene mtima wa Mcewa kapena Mngoni umamva ukamva mndandanda umenewu, pakuti nthano za afiti zimene tinamva tili ana zili ndi zonsezi. Anzanga amene tinkagona nawo m'kacipinda kamodzi ku Joni ankandiuza kuti ndisiye nchitoyo ndisanasandutsidwe ndondoca. Koma cimene cimacititsa munthu kukhala mfiti m'maganizo athu si mwezi kapena mpeni. Ifenso pa usiku wa Pasaka timayatsa moto panja, timanyamula makandulo mumdima, timawazidwa madzi, timafukiza lubani. Mlendo wosadziwa atatijambula, kanema wathu angaoneke bwanji kwa anthu a kwawo? Mfiti, monga makolo anatiuzira, ndi munthu wa kaduka, wopweteka m'bale wake mobisa, wokondwera ndi maliro. Ufiti tiufune pamenepo, mumtima ndi m'nchito, ndipo ndi pamenepo pamene tiyenera kuyeza a Wicca.

Cikondwerero cimodzi cinandikhudza. Ku England pa 31 Okutobala amakumbukira akufa awo, tsiku limene amalichula Samhain, pothera pa zokolola. Popeza kum'mwera kwa Africa nyengo zimasemphana ndi za ku Ulaya, a Wicca ambiri a ku Joni amalicita kumapeto kwa Epulo, nthawi imene ife ku Angónia cimanga cauma m'munda. Madamu anga ankaika pa tebulo zithunzi za mayi awo ndi agogo awo, kandulo, ndi mbale ya cakudya imene palibe ankaidya. Ankawachula maina mmodzimmodzi ndi kuwathokoza. Ine mdzukulu wa anthu othira nsembe ya ufa patsinde pa mtengo, ndiponso Mkatolika wopempherera akufa pa 2 Novembala, sindinaone cacilendo ca kuthawa pamenepo. Ndinaona mwana wamasiye akukumbukira mayi wake.

Pa pemphero ndiye tinkasiyana kwenikweni, ndipo tinkatsutsana poyera. Ine ndikamapemphera ndimagwada, ndimapempha, n'kusiya zonse m'manja mwa Mulungu kuti cifuniro cake cicitike. Iwo amaima ciriri. Amakhulupirira kuti munthu ali ndi gawo m'mphamvu imene ili m'cilengedwe, ndipo kuti akasonkhanitsa maganizo ake onse pa cinthu cimodzi, ndi kandulo, zitsamba ndi mawu, angathe kukankhira zinthu kumene akufuna. Zimenezi amazichula matsenga ndithu, sabisa. Mpingo wanga umaletsa matsenga ndi kuombeza, katekisimu amanena momveka, ndipo ine ndimagwirizana nawo. Mulungu si ng'ombe ya pagoli yoti munthu aikhotetsere kumene wafuna.

Koma tamvani ici. Caka cina mwana wanga wamkazi anadwala malungo aakulu kuno ku Domwe, ine ndili kutali. Madamu atamva anabwera kumunda kumene ndinali kudulira maluwa n'kundifunsa kuti: "Kodi mungalole kuti usiku uno ndimuyatsire kandulo mwanayo ndi kumucitira mwambo wa maciritso?" Ndinayankha kuti: "Zikomo madamu, koma ayi. Mwanayu ndi wobatizidwa, ndimupempherera m'njira ya kwathu." Sanakwiye, sanandinyengerere. Anati m'cikhulupiriro cawo si bwino kucitira munthu mwambo, ngakhale wa maciritso, mwini wake asanalole. Mawa lake anandipatsa chuthi ca masabata awiri ndi ndalama za basi ndi za cipatala. Ndikufunseni, inu akuluakulu amene mumadziwa nkhani za ufiti kuposa ine: mfiti inayamba yapemphapo cilolezo liti? Inayamba yakanizidwapo n'kumvera liti?

Khalidwe limeneli limacokera pa lamulo lawo lalikulu, limene amalichula Rede. Tanthauzo lake n'lakuti munthu ali ndi ufulu wocita cimene wafuna malinga asapweteke wina aliyense. Ambiri amakhulupiriranso kuti cimene wacitira mnzako, cabwino kapena coipa, cidzakubwerera katatu. Ife tinanena kale zomwezo m'mawu atatu: coipa citsata mwini. Mabuku a malamulo ambiri alibe, papa kapena sinodi alibe, za chimo lobadwa nalo ndi moto wa gehena saphunzitsa. Sayenda khomo ndi khomo kukopa anthu, ndipo magulu ambiri salandira mwana wosakwana zaka 18.

Ine lamulo limeneli silindikwanira, ndipo ndinkawauza madamu momwemo. Kusapweteka munthu ndi theka cabe la umunthu. Wansembe ndi Mlevi aja a pa msewu wa ku Yeriko sanamenye munthu, sanabe kanthu, anangolambalala. Ambuye anayamikira Msamariya amene anatsika pa bulu. M'mudzi mwathu munthu wosapita ku maliro a anzake sanapweteke aliyense, koma tsiku lake likadzafika adzakumba manda yekha. Mwambo wathu ndi Uthenga Wabwino zonse ziwiri zimatilamula zoposa kupewa coipa: kudyetsa wamasiye, kuzonda wodwala, kufolerera nkhalamba denga mvula isanagwe. Lamulo longoti usapweteke wina linabadwira m'dziko limene boma limasamala okalamba ndipo munthu angathe kukhala zaka khumi osadziwa dzina la woyandikana naye. Kuno silingatisunge.

Komabe pamene ndanena kuti lamulo lathu ndi lalikulu kuposa lawo, m'pamene manyazi amatigwira. Msamariya uja anali wa cipembedzo cimene Ayuda ankaciona ngati cosokera, ndipo ndi iye anacita cifundo. Ife amene tili ndi lamulo lalikulu la cikondi tikulephera ngakhale laling'ono lija la kusapweteka. Mu Januwale 2016 ku Neno, tsidya lomweli la Malawi, mtsikana wina anafa atawombedwa ndi mphenzi, ndipo anthu a m'dera lomwelo anapha nkhalamba zinayi poziganizira kuti ndizo zinatumiza mphenziyo. Amene anacita zimenezo sanali a Wicca. Ndipo tisanamizane kuti zotere n'za tsidya lokha. Aliyense wa ife akudziwa gogo wina amene ana ake omwe anamuthamangitsa, amene adzukulu analetsedwa kudya nsima yake, amene amakatunga madzi dzuwa litalowa poopa maso a anthu. Mukayang'anitsitsa mudzapeza kuti kawirikawiri gogoyo ndi wamasiye, ali ndi munda wa m'dimba umene wina akuusirira, kapena ukalamba wamusokoneza mutu moti amayenda usiku osadziwa kumene akupita. Mavuto amenewa ndi ofala kwambiri moti mu 2021 bungwe la United Nations loona za ufulu wa anthu linagwirizana cigamulo codzudzula nkhanza zocitira anthu onenedwa ufiti.

A Wicca nawonso ndili nawo mawu. Iwo anasankha okha kudzichula ndi liwu la Cingerezi lakuti witch, poti akulemekeza akazi aja amene anaphedwa ku Ulaya. Ku London liwulo ndi la m'mabuku ndi m'mafilimu a ana. Kuno ndi liwu lonola zikwanje. Ku South Africa, kumene kuli lamulo la za ufiti la mu 1957, nkhaniyi inavuta mu 2007 pamene cigawo ca Mpumalanga cinafuna kupanga lamulo latsopano. A Wicca ndi anzawo anadandaula kuti lamulolo lidzasandutsa cipembedzo cawo mlandu, pamene asing'anga ambiri ankati liwulo kwa anthu akuda limatanthauza wopweteka anzake basi. Bungwe lawo la South African Pagan Rights Alliance limacita kampeni yotsutsa kusaka afiti, ndipo pamenepo ndikuwayamikira. Koma munthu wokhala m'nyumba ya mpanda wa magetsi akamaika pa intaneti cithunzi cake n'kulemba kuti ndine mfiti wonyada, adziwe kuti cithunzico cimafika mpaka ku Tsangano, ndipo wolipira mtengo wake ndi nchembere yosadziwa n'komwe kuti England ili kuti.

Ifenso amene timamasulira mawu tisamale. Mtanthauziramawu amangoti witch ndi mfiti, m'Cipwitikizi bruxa kapena feiticeira, ndipo mnyamata wowerenga pa foni amangolumikiza. Koma ife timadziwa kuwawa kwa kupatsidwa dzina lolakwika. Atsamunda ankachula sing'anga wa zitsamba kuti feiticeiro, osasiyanitsa wociritsa ndi wolodza. Amishoni oyamba ankati Nyau ndi za Satana, ndi nsembe za mvula za kwa Makewana ku Msinja n'zacikunja. Titalandira ufulu mu 1975 miyambo yomweyo inachulidwa obscurantismo, ndipo anthu ankavina ndi kuthira nsembe mobisa. Zinatenga zaka kuti asing'anga aloledwe kukhala ndi bungwe lawo la AMETRAMO, ndipo mu 2005 UNESCO inalengeza kuti Gule Wamkulu wa Mozambique, Malawi ndi Zambia ndi cuma ca anthu a dziko lonse lapansi. Gule sanasinthe. Amene anasintha ndi omuyang'ana, atasiya kuweruza cigoba n'kuyamba kufunsa tanthauzo. Ife amene tinanyozedwa cotere tingacitire bwanji ena zomwezo, kenako n'kutembenuzira bodzalo pa amayi athu otibala?

Malamulo a dziko lathu ali poyera. Gawo 12 la Constituição limati boma la Mozambique si la cipembedzo ciliconse, ndipo gawo 54 limapatsa aliyense ufulu wa cikumbumtima ndi wa kupembedza. Mu 2014 panakhazikitsidwanso lamulo loteteza anthu okalamba. Ku Malawi lamulo la mu 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mpingo wanga womwe, pa msonkhano wa Vatican II mu 1965, unaphunzitsa kuti munthu asakakamizidwe pa za cipembedzo. Sindikupempha Mkhristu kapena Msilamu aliyense kuti avomere milungu ya Wicca. Ikaneni, monga ine ndimaikanira. Koma kukana ciphunzitso ca munthu n'kwina, kumunamizira kupha ana n'kwinanso, ndipo lamulo loletsa umboni wonama silinapatule anthu a zipembedzo zina.

Kwa inu abusa, akatekisiti ndi aneneri a mipingo yatsopano, mukaima pa guwa ndi foni kudzanja dziwani kuti amene akukumverani ndi anyamata amene ali ndi zikwanje kunyumba. Inu mukatsika mumapita kukadya nkhuku, iwo amapita kukayang'ana nyumba ya gogo. Kwa inu asing'anga, ciritsani odwala, kuloza cala kusiyeni, pakuti cala canu cikaloza munthu sicibwereranso. Kwa inu mafumu ndi anyakwawa, mlandu wa ufiti ukafika pabwalo yambani mwafunsa kuti munda wa wonenedwayo adzalima ndani akathamangitsidwa. Kwa inu acinyamata, wina akakuonetsani kanema wa azungu a makandulo, mufunseni dzina la cipembedzoco, caka cimene cinayamba, ndi lamulo lake lalikulu. Akalephera kuyankha, mubwezereni foni yake.

Mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo. Mvula ikubwera, ndipo m'mudzi uliwonse wa m'malire muno muli denga la nkhalamba limene likudontha. Amene akufuna kuonetsa kuti cipembedzo cake ciposa ca anthu a ku England atenge udzu ndi luzi, akwere pa denga limenelo.